Kodi anthu akale ankaimbadi ngati mizukwa? Za masilinda a phula ndi mbale za galamafoni

Mwerengi wina wa ku Zomba wafunsa zinthu ziwiri. Akuti pa intaneti anamva nyimbo yojambulidwa mu 1860, ndi ina ya mu 1902 ya bambo wamkulu woimba ndi mawu a mwana, ndipo zonsezo zikumveka ngati mizukwa ikulira m'chitsime. Kodi anthu akale ankaimbadi choncho? Chachiwiri, m'bokosi la malemu agogo ake, amene anagwirapo ntchito ku Joni, wapezamo mbale 14 zolemera za galamafoni, ndipo akufuna kuzimva popanda kuziwononga.

Zikomo pofunsa. Mafunso anu awiriwa muzu wake ndi umodzi. Zambiri mwa zachilendo zimene khutu lanu lamva zinabadwira m'makina ojambulira, kapena m'liwiro limene wina anasankha poliza nyimbozo. Zotulukadi choncho pakhosi pa woimba zilipo, koma n'zochepa.

Ya mu 1860 ija ndiyo imaonetsa bwino nkhani ya liwiro. Anaijambula ndi Mfalansa wa ku Paris, Édouard-Léon Scott de Martinville, pa 9 Epulo 1860, kutatsala zaka 17 kuti Thomas Edison wa ku America apange makina ake ojambula ndi kubweza mawu. Makina a Scott, otchedwa phonautograph, sanapangidwe kuti azibweza mawu. Mwiniwakeyo ankangofuna kuona mawu ndi maso, monga timaonera zilembo. Munthu ankaimbira m'chinthu chonga mbiya yoboola kunsi. Pobookapo panali kanembanemba, ndipo pakanembanembapo panali kaubweya kouma kamene kankakanda pepala lodetsedwa ndi mwaye wa nyale. Pepalalo linali lokulunga pa mgolo umene ankaupukusa ndi dzanja. Nyimbo ikatha, chotsala chinali kamzere koyera kokhotakhota pa pepala lakuda, basi.

Pepalalo linakhala chete ku Paris mpaka mu 2008, pamene gulu la First Sounds, lomwe munali David Giovannoni ndi Patrick Feaster, linalijambula chithunzi, kenako akatswiri a ku Lawrence Berkeley National Laboratory ku California anasandutsa kamzereko kukhala mawu pa kompyuta. Dzanja la munthu silipukusa mofanana, pena limathamanga pena limazengereza, ndipo Scott ankalidziwa vutoli. N'chifukwa chake pambali pa mzere wa mawu anajambulanso mzere wa foloko yochunira, kachitsulo ka nyanga ziwiri kamene kakamenyedwa kamalira mawu amodzi osasintha. Iye analemba kuti folokoyo inkanjenjemera ka 500 pa sekondi. Ofufuzawo anatenga nambalayo mmene inalili, ndipo panatuluka kanyimbo ka masekondi 10 komveka ngati kamtsikana. Dziko lonse linamva kamtsikanako. Mu 2009 anazindikira kuti Afalansa a nthawi imeneyo ankawerenga kupita payekha ndi kubwera payekha, ndiye 500 ya Scott ndi 250 ya masiku ano. Atatsitsa liwiro ndi theka, kamtsikana kaja kanasanduka bambo woimba modekha kwa masekondi 20, ndipo ofufuzawo amati ayenera kuti ndi Scott yemweyo. Zonse ziwiri zikadali pa intaneti. Ngati munamva ya kamtsikana, munamva yolakwika.

Tsono za makinawo. Kuyambira pa Edison mu 1877 mpaka 1925, ojambula nyimbo analibe maikolofoni kapena chokweza mawu cha magetsi. Woimba ankaloza pakamwa m'chilipenga chachikulu, mphamvu ya mawu ake yokha n'kumagwedeza kanembanemba ka galasi kapena ka mica (mwala wosenda mopyapyala), ndipo kasingano n'kumasema mzere, kawirikawiri m'phula. Makina otere amagwira bwino mawu onjenjemera kuyambira cha m'ma 200 mpaka cha m'ma 2,500 pa sekondi, pamene khutu la wachinyamata limamva kuyambira 20 mpaka 20,000. Besi yense wapansi amasowa, ndipo timawu takuthwa ta "s" ndi "f" timasowanso, moti "sala" ndi "fala" zimamveka chimodzimodzi. Chotsala ndi mawu apakati okhaokha, ngati a munthu amene akulankhulira m'chitini atatsina mphuno.

Ojambula ankachita kusintha gulu loimba kuti ligwirizane ndi lipengalo. Besi wa zingwe sankalowa m'phula, ndiye ankaikapo tuba, lipenga lalikulu la mawu otsika. Vayolini wamba ankamveka patali, ndiye ankagwiritsa ntchito vayolini wa Stroh, amene John Stroh analembetsa ku London mu 1899. Vayoliniyu alibe bokosi la thabwa, m'malo mwake ali ndi kanembanemba ka aluminiyamu ndi lipenga lake lomwe. Piyano ankaikweza pa nsanja kuti msana wake ulingane ndi lipenga. Ng'oma yaikulu inkadumphitsa singano, choncho woimba ng'oma ankangogogoda timatabwa. Woimba akafika pa mawu okwera ankam'kokera m'mbuyo, akafika pa otsika n'kum'kankhira kutsogolo mutu mpaka m'kamwa mwa lipenga. Gulu limene mukulimva pa mbale ya mu 1910 silinkamveka choncho m'holo.

Zina mwa zojambula zodabwitsa kwambiri zinajambulidwa makina ali pamalo olakwika. Pa 29 Juni 1888, George Gouraud, amene ankaimira Edison ku Britain, anajambula kwaya ya anthu pafupifupi 4,000 ikuimba nyimbo ya Handel ku Crystal Palace mu London, makina ali pamtunda wa mamita pafupifupi 90. Chimene chimamveka lero ndi kafungo chabe ka nyimbo pansi pa phokoso longa mvula pa malata. Lionel Mapleson, wosunga mabuku a nyimbo ku Metropolitan Opera mu New York, pakati pa 1901 ndi 1903 ankakwera ndi makina ake pa kamlatho ka pamwamba pa siteji n'kumajambula zidutswa za mphindi ziwiri masewero ali mkati. Silinda (kamgolo ka phula kojambulirapo mawu) ya wopeka nyimbo Johannes Brahms akuimba piyano ku Vienna pa 2 Disembala 1889 inatha chifukwa cholizidwa kambirimbiri, moti piyanoyo muyenera kuchita kuisakasaka.

Zidole zolankhula za Edison za mu 1890 ndizo zimaopsa anthu kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. M'chifuwa mwa chidole munali kagalamafoni kokhala ndi kamphete ka phula. Njira yokopera panalibe, choncho atsikana olembedwa ntchito ankalakatula kandakatulo ka ana kamodzikamodzi, chidole chilichonse ulendo wake, ndipo ankachita kukuwa kuti singano iseme mozama. Mwana ankapukusa chogwirira kumsana kwa chidole, liwiro n'kumayendera dzanja lake, singano yachitsulo n'kumadya phula lija. Mawu okuwa, liwiro losakhazikika ndi mzere wakutha zikakumana, ndiye mzukwa mwaumva uja. Zidolezo zinangogulitsidwa masabata owerengeka n'kuzichotsa pamsika.

Kusowa kwa njira yokopera kunavutitsanso oimba otchuka. George W. Johnson, munthu wakuda woyamba kutchuka pa zojambula ku America, nyimbo yake ya "The Laughing Song" m'zaka za m'ma 1890 ankaiimba mobwerezabwereza tsiku lonse pamaso pa makina angapo ondanda, ulendo uliwonse n'kutuluka masilinda ochepa. Masilinda awiri a nyimbo yomweyo amatha kusiyana kasekedwe, chifukwa anajambulidwa nthawi zosiyana. Edison anayamba kugulitsa masilinda oumba m'chikombole mu 1902, ndipo m'pamene liwiro linakhazikika pa maulendo 160 pa mphindi. Masilinda a phula lofiirira a m'mbuyomo ambiri ankazungulira cha m'ma 120 mpaka 144. Mukaliza silinda ya 120 pa liwiro la 160, bambo wandevu amasanduka kamnyamata.

Bambo wa mu 1902 uja ndiye nkhani ina. Ameneyo ndi Alessandro Moreschi, wobadwa mu 1858, woimba m'kwaya ya Sistine Chapel ku Rome. Anafulidwa ali mwana, mwambo umene unkachitika ku Italy kuti mnyamata asasinthe mawu, ndipo mwa oimba onse otere ndi yekhayu amene anajambulidwa akuimba payekha, mu 1902 ndi mu 1904. Apa makina musawanamizire. Mawu anthetemya otuluka m'chifuwa cha munthu wamkulu ndi ake enieni. Kusisima kuja, ndi kudumphira mawu kuchokera pansi ngati akugwidwa ntchilikwi, kanali kaimbidwe kolemekezeka m'tchalitchi cha nthawi yake. Ambiri amamuweruza kuti sankadziwa kuimba, koma kumeneko n'kuyeza kaimbidwe ka m'zaka za m'ma 1800 ndi khutu la lero.

Amene anaiganizira mozama nkhani ya liwiro ndi a Berlin Phonogramm-Archiv, nkhokwe imene Carl Stumpf anaiyambitsa mu 1900. Iwo ankapatsa apaulendo makina ndi masilinda, n'kuwalangiza kuti pa silinda iliyonse aziimbapo kachitoliro ka mawu a A, onjenjemera ka 435 pa sekondi. Woliza silindayo lero amangosintha liwiro mpaka kachitoliroko kafike pa 435, nyimbo yonse n'kukhala m'malo mwake. Karl Weule anajambula nyimbo za Ayao, Amakonde ndi Amakua kum'mwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania mu 1906. Kwathu kuno dzina lalikulu ndi Hugh Tracey, amene anayamba mu 1929 potengera anyamata achikaranga ku Salisbury (lero Harare) kukajambulitsa ku kampani ya Columbia, n'kudzayendera Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Iye ankayenda ndi mafoloko ochunira 54, kuyambira 212 mpaka 424, osiyana ndi 4, poyezera machunidwe a zoimbira za ku Africa kuno. Zojambula zake zili ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo lero ili ku Rhodes University ku Makhanda.

Tibwere ku mbale za agogo. Musanazitsuke kapena kuziliza, dziwani kaye kuti ndi za mtundu wanji, chifukwa chotsukira mtundu wina chimapha mtundu unzake. Mbale zobwera ndi anthu a ku Joni ndi ku Halale m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 kawirikawiri zimakhala za Gallotone, Troubadour, Trutone, Columbia kapena HMV, zotambalala masentimita 25, nyimbo imodzi ya mphindi zitatu mbali iliyonse. Zimenezi ndi za shellac, utomoni wa tizilombo ta ku India ndi ku Thailand wosakaniza ndi ufa wa miyala ndi mwaye. Ndi zolemera, zouma gwa, sizipindika, ndipo zikagwa zimasweka ngati mbale yadothi. Ufa wa miyalawo ndiwo umachititsa phokoso la "waaa" limene limamveka ngakhale pa mbale yosakandika.

Mukapeza mbale imene pabowo lapakati pakuoneka chitsulo chowala, kapena yokhala ndi mabowo ena pafupi ndi lapakati ndi pepala lolemba pamanja, iikeni padera. Imeneyo ndi aluminiyamu kapena galasi lopakidwa utoto wofewa, yojambulidwa mwachindunji, ndipo mwina padziko lonse ilipo yokhayo. Ikamatuluka ufa woyera wonona kapena utoto ukamasuwa, musaitsuke ndipo musaiyandikize ku singano yachitsulo. Imeneyo ndi ya akatswiri a kunkhokwe.

Potsuka shellac, mdani wamkulu ndi sipiliti. Shellac amasungunuka mu mowa wamtundu uliwonse, kaya sipiliti wa kuchipatala, mankhwala opaka m'manja aja, kachasu, ngakhale mankhwala ambiri otsukira mbale za pulasitiki za LP. Dontho limodzi limasiya chigamba chotuwa chimene sichidzachoka. Mafuta ndi polishi wa nsapato nazonso ayi, zimangowalitsa pamwamba kwinaku zikumata fumbi m'mizere. Chofunika ndi madzi osungunula opanda mchere, amene amagulitsidwa othira m'mabatire a galimoto (onetsetsani kuti si asidi). Mu theka la lita thiranimo madontho awiri kapena atatu a sopo wamadzi wotsukira ziwiya. Yambani mwachotsa fumbi ndi burashi youma yofewa, yonga yopentera. Goneketsani mbale pa thaulo loyera pa tebulo losalala, viikani burashi, n'kumatsuka motsata mizere mozungulira, osadula mizere. Pepala lapakati lisanyowe, inki yake imasuluka. Tsukuluzani ndi madzi omwewo opanda sopo, pukutani ndi nsalu yosathothoka ulusi, kenako imikani pamthunzi podutsa mphepo kwa tsiku lathunthu. Musaziviike m'beseni. Mbale zambiri za Columbia ndi zomata magawo, mkati muli mapepala, ndipo madzi akalowera m'mphepete zimafufuma. Mbale zokhuthala pafupifupi mamilimita 6 za Edison Diamond Disc sizifuna madzi n'komwe chifukwa mkati mwake muli ufa wa matabwa, koma zimenezo kuno n'zosowa.

Ngati galamafoni ya agogo ilipo, mtima udzafuna kuipukusa tsiku lomwelo. Palibe choletsa kuimva kamodzi, koma dziwani mtengo wake. Mutu wa galamafoni umatsamira pa mbale ndi kulemera kopitirira magalamu 100, konseko pa nsonga ya singano. Singano yachitsulo inapangidwa kuti idyeke m'malo mwa mbale, ndipo lamulo ndi singano imodzi mbali imodzi. Ikamaliza mbali imakhala itasongoka ngati tchizulo, ndipo mukaibwereza, makamaka mutaitembenuza, imasema makoma a mzere. Ufa wotuwa m'mizere ndi nyimbo imene yachoka. Msomali, singano yosokera kapena phini musayese. Mukamva kunjenjemera kwa "zzz" pa mawu okwera, ndiye kuti timphira togwira kanembanemba m'mutumo tauma, tifunika tatsopano. Kugunda kwa "gu" mkati mwa bokosi ndi girizi wakale amene wauma pa sipuling'i, ndipo liwiro limadumpha nthawi yomweyo. Chitini cha sipuling'icho musachitsegule ngati simunaphunzire, chifukwa ikafwamphuka imang'amba dzanja.

Njira yosamala ndi makina a magetsi olizira mbale, koma singano ikhale yoyenera. Singano ya LP nsonga yake ndi 0.7 mil, kapena kuti pafupifupi mamilimita 0.018. Mzere wa mbale ya 78, yozungulira maulendo 78 pa mphindi ngati za agogozi, ndi wotakata, umafuna 2.5 mpaka 3 mil, ndipo mbale zina zakale kwambiri zimafuna 3.5 kapena 4. Singano ya LP imamira mpaka pansi pa mzere pamene pali litsiro, n'kumagwedera uku ndi uku, zotsatira zake phokoso lambiri nyimbo pang'ono. Ambiri amene amati mbale zakale n'zosamveka vuto lawo limakhala limeneli. Chitsanzo cha mutu woyenera ndi Audio-Technica AT-VM95SP, wa 3 mil. Kulemera kwa singano kukhale kumene opanga analemba, kawirikawiri pakati pa magalamu 2 ndi 5. Mbale yodyeka imatha kumveka bwino mukasintha kukula kwa singano, chifukwa yaikulupo imakhala m'mwamba mwa mzere pamene singano zachitsulo sizinafikepo.

Mbale zambiri singano imagwedezeka cham'mbali. Za Pathé zakale ndi za Edison imagwedezeka chokwera ndi kutsika, ndipo pa makina wamba zimamveka kutali kwambiri. Mankhwala ake ndi kujambula mbali zonse ziwiri za sitiriyo, kutembenuza imodzi pa kompyuta, n'kuziphatikiza. Pa mbale wamba mumaphatikiza osatembenuza, ndipo phokoso limachepa ndithu. Za Pathé zoyambirira zimayambira pakati kupita kunja, pa liwiro la cha m'ma 90.

Nambala ya 78 ija musaikhulupirire kwambiri. Inakhazikika pamene makina a magetsi anafika cha mu 1925, ndipo ngakhale pamenepo ili pawiri: 78.26 m'mayiko a magetsi a 60 Hz (Hz ndi maulendo a kunjenjemera pa sekondi) monga America, ndi 77.92 m'mayiko a 50 Hz monga Britain, South Africa ndi Malawi. Kusiyana kumeneko khutu silikumva. Koma mbale za Columbia za ku Britain mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 zinali za 80, ndipo zina zinalembedwa "Speed 80" papepala. Za Emile Berliner za m'ma 1890 zinkayenda pakati pa 60 ndi 75. Lamulo losunga pamtima ndi ili: liwiro likasintha ndi 6 peresenti, mawu amasuntha kuchoka pa kiyi imodzi ya kiyibodi kupita pa yoyandikana nayo. Mbale yojambulidwa pa 74 mukailiza pa 78 imakwera pafupifupi kiyi yathunthu. Zikuoneka zochepa, koma mawu a munthu amasintha mtundu, amaonda, ndipo kunjenjemera kwake kumafulumira ngati mbuzi ikulira.

Kuyeza liwiro la makina anu n'kosavuta. Panirani kapepala pansi pa mbale kuti katulukire m'mphepete, ikani chala pamene kazikhudza, n'kuwerenga kwa mphindi yathunthu singano ili pa mbale, chifukwa pa galamafoni yopukusa kulemera kwa mutu kumachepetsa liwiro. Njira ina ndi pepala lozungulira la mizere 77, limene pansi pa babu wa magetsi a 50 Hz limaoneka ngati laima mbale ikamayenda pa 77.92. Mababu ambiri a LED saphethira motsata magetsi, ndiye pepalalo siligwira nawo ntchito. Kupeza liwiro limene nyimboyo inajambulidwira ndi ntchito ya khutu. Ngati muli akodiyoni, piyano kapena lipenga, yerekezani ndi kiyibodi, mukukumbukira kuti A wa 440 anagwirizana mu 1939, ndipo m'mbuyomo ambiri ankachuna pa 435. Pa nyimbo za gitala, bangwe kapena kalimba, kiyibodi isakulamuleni, chifukwa oimbawo ankachuna ndi khutu molingana ndi mawu awo. Pamenepo mverani pamene woimba akulankhula kapena kuseka, ndipo sankhani liwiro limene mawuwo akumveka a munthu.

Makina anu akakhala opanda 78, jambulani pa 45 n'kukweza pa kompyuta. Pulogalamu yaulere ya Audacity imakwanitsa. Kuchoka pa 45 kufika pa 77.92 ndi kuonjeza 73.2 peresenti, ndipo kufika pa 78.26 ndi 73.9. Gwiritsani "Change Speed and Pitch" (m'mapulogalamu akale "Change Speed"), imene imasintha liwiro ndi mawu pamodzi monga imachitira mbale. "Change Tempo" imafulumizitsa nyimbo mawu n'kutsala pansi, ndiye mupeza chilombo chikuimba mothamanga. Kuliza pa 45 kulinso ndi ubwino wake pa mbale yopindika pang'ono, singano sidumpha.

Pali msampha umodzi umene umagwira ngakhale odziwa. Makina onse olizira LP amakweza besi ndi kutsitsa mawu akuthwa motsata muyeso wa RIAA, umene unakhazikika mu 1954. Mbale zakale sizinajambulidwe ndi muyesowu, choncho zimatuluka zolemera kunsi, zotsekeka kumwamba, ngati wailesi yofunditsidwa bulangete. Mu Audacity, pa "Filter Curve EQ", sankhani RIAA n'kuitembenuza kuti ichoke. Chitani zimenezi musanakweze liwiro, chifukwa makina anaika muyesowo pa mawu mmene analili pa 45, ndipo mukayamba ndi liwiro mudzachotsa pamalo olakwika. Mukatero, mbale ya lipenga ya 1925 isanafike isiyeni mmene ilili. Mbale yojambulidwa ndi maikolofoni imafuna kukweza besi pang'onopang'ono kuyambira cha pa 250 kapena 300 Hz kutsika ngati ndi ya HMV kapena Columbia, ndipo cha pa 500 Hz kwa zambiri za ku America.

Ndondomeko yake ikhale yotere. Jambulani pa 24 bit, 96 kHz ngati makina alola, apo ayi 44.1 kHz, mawu asafike pofiira, chifukwa kuthetheka kwa mbale kumakwera kuposa nyimbo. Sungani fayilo ya WAV yosakhudza, m'malo awiri. Zonse zotsatira chitani pa kope. Chotsani kuthetheka, chotsani RIAA, konzani liwiro, kenako besi. Pa kuchotsa phokoso la "waaa" dzanja likhale lopepuka. Mukapitiriza muyeso, pulogalamu imadyera limodzi mpweya wa woimba ndi kulira kwa zingwe, mawu n'kumabwibwinya ngati ali pansi pa madzi. Mizukwa yambiri ya pa intaneti inapangidwa pa sitepe imeneyi, ndi anthu a masiku ano. Khutu limazolowera phokoso losasintha m'masekondi ochepa, koma mawu obwibwinya silizolowera.

Mukamva mawu akukwera ndi kutsika ulendo uliwonse mbale ikazungulira, yang'anani mkono wa singano. Ukamapita uku ndi uku ndiye kuti bowo silili pakati, kapena linakula. Sanjikizani nsalu zokhuthala pansi mpaka mbale ikwere pamwamba pa kachitsulo kapakati, n'kumaisuntha pang'onopang'ono mpaka mkono uime. Mbale ya mng'alu umodzi imalizika: gwirizanitsani m'mphepete, matani kaselotepi m'mphepetimo pamene palibe mizere, lizani pa 45, ndipo kugunda kwa mng'aluwo mudzakudula pa kompyuta. Guluu asalowe m'mizere. Yopindika musaiike padzuwa kuti iwongoke, shellac akatentha amafewa ndi mizere yomwe.

Musanazibwezere, jambulani chithunzi cha pepala lapakati mbali zonse, ndipo lembani nambala yodindidwa pamalo osalala pakati pa pepalalo ndi mzere womaliza. Nambala imeneyo ndi ya chikombole, ndipo ndi imene osunga nkhokwe amagwiritsa ntchito pofufuza chaka ndi malo ojambulira, kuposa nambala ya papepala imene inkasintha mbale ikadindidwanso. Mbale iliyonse ikhale m'chikwama chake cha pepala loyera, zonse zitaima chilili mothinana bwino, osatsamira ndiponso osasanjikiza, chifukwa yapansi imasweka ndi kulemera kwa zinzake. Bokosilo likhale m'chipinda chozizirira, kutali ndi denga la malata ndi khoma la chinyezi, litakwezedwa pa thabwa kuopa chiswe ndi mphemvu, zimene zimadya zikwama ndi mapepala apakati. Nyengo ya dzinja ikatha zitulutseni muone ngati chuku sichinayambe, ndipo ponyamula gwirani ndi manja awiri m'mphepete, osati kutsina mbali imodzi.